Masiku Atatu a Rukaya

Swala ya masana itangotha kumzikiti, kwa Shehe Twaibu Mkwanda kunafika a Bwanali Mdoka, amalonda a pamsika wa Ntaja, munthu wozolowera kuti akayankhula ena onse azingovomera. Anavula nsapato, nakhala pamkeka, koma mtima wawo sunakhale pansi.

Chinawabweretsa ndi Rukaya, mwana wa mlongo wawo, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mnyamata wina wa kabaza anamugwiririra pochokera kuchigayo. Kutacha, mkulu wake Asiyatu anafuna kuthamangira naye kuchipatala, poti anamva kusukulu kuti kuli mapiritsi oteteza mimba pangozi ngati imeneyi, aulere, ogwira bwino ntchito akamwedwa masiku atatu asanathe. A Bwanali, monga mwinimbumba, anakaniza. Anati nkhani ya m'banja siyanikidwa pamzere wa kuchipatala, ndipo mwana wa Chisilamu samwa mankhwala a atsikana oyendayenda. Anadikira abale a mnyamatayo kuti akambirane. Iwo anabwera patatha sabata ziwiri, mosafulumira ngati opita kukaona dimba. Tsopano Rukaya anali ndi pakati, sukulu atasiya, ndipo mayi ake sankawayankhanso moni achimwene awo.

"Shehe," anatero a Bwanali, "ndabwera kuti mutimangire ndowa, ukwati wathu wa Chisilamu, Lachisanu likudzali. Mnyamatayo wavomera kumukwatira. Komanso mukamuuze mlongo wangayo kuti zimenezi n'chifuniro cha Allah. Ine ndinatchinjiriza banja ku tchimo lochotsa mimba."

Shehe anafunsa mofatsa: "Che Mdoka, mapiritsiwo munawaonapo?"

"Ndiwaonerenji? Ndimangowamva."

"Kwa yani?"

"Anthu amakamba pamsika."

"Inenso ndinkawamva chomwecho," anatero Shehe. "Mabuku ndawerengako pang'ono, koma za mankhwala ndine mbuli. Choncho chaka chatha ndinapita kwa anamwino, mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha kumadrasa, ndinakhala pabenchi ngati wophunzira. Anandiuza kuti mapiritsiwo sachotsa mimba imene yakhazikika kale, amangotseka njira kuti isayambike. Sindinachite manyazi kufunsa, ngakhale ndevu zanga zachita imvi."

A Bwanali zinawawawa kuona kuti pa mawu amenewa munthu wamkulu ngati iwo akuyerekezedwa ndi Asiyatu, kamtsikana ka Folomu 3, ndipo wopambana ndi kamtsikanako. Ankayembekezera kuti pamkeka pomwepo ayamikiridwa.

"Ndiye mukuti tizigawira ana athu mankhwala kuti azichita zachiwerewere mosaopa?"

"Sindinatero, ndipo chiwerewere ndimadzudzula Lachisanu lililonse, inu muli pamzere woyamba. Koma Rukaya anachimwa chiyani? Anapita kukagayitsa chimanga."

"Nanga anthu akanati chiyani atamuona kuchipatala?"

"Lero akuti chiyani?"

Pamenepo a Bwanali anakumbukira m'mawa uja, Asiyatu atagwada pakhomo akulira, akuti amalume nthawi ikutha, iwo n'kumukalipira kuti mwana wamkazi asaphunzitse akuluakulu. Anadziwa kuti analakwa, ndipo kudziwako kunawakwiyitsa kwambiri kuposa kulakwako.

"Zapita zapita, Shehe. Madzi akatayika sawoleka. Timange ndowayo, manyazi achoke."

"Mtsikanayo mwamufunsa?"

"Ndine malume ake."

"Ndikudziwa, ndipo ndikukulemekezani," anatero Shehe. "Koma ndowa yopanda chilolezo cha mkazi ine sindimanga, makamaka yomupereka kwa munthu amene malo ake ndi kupolisi. Ndipo kwa mlongo wanu sindikanena kuti n'chifuniro cha Allah ngati kuti inu munalibe manja. Allah anamupatsa mwanayo masiku atatu, anamupatsa mkulu wake wodziwa njira, chipatala chili apa poyenda wapansi. Amene anaima pakhomo ndinu. Usiku umodzi anamulanda ndi mnyamata uja, masiku atatuwo munamulanda ndinu, tsono musandipemphe kuti ine ndimulande moyo wonse wotsalawo."