Timapazi ta Zilembo za a Kadzakumanja

Kalekale, msewu wa pa Linthipe usanathiridwe phula, m'mudzi mwathu muno munali mkamwini wina, a Kadzakumanja. Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani: pa sitolo, pa chigayo, pa malole. Inu lero mumangowerenga chikwangwani n'kudutsa, si choncho? Zawo zinkaimitsa ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga. Zilembo zake zinali zonenepa, zopendekera kutsogolo ngati mayi wosenza mtolo pa chitunda, ndipo chilichonse chinali ndi timapazi kunsi kwake. Timapazito ankatipinda ndi dzanja kamodzi kokha, penti asanaume. Wamalonda aliyense ankafuna dzina lake lilembedwe motero.

Anali ndi mwana wamkazi, Velina. Akamasakaniza penti, Velina ali pomwepo. Akakwera makwerero, wogwirira pansi ndi Velina.

"Ababa, ndiyeseko kaphazi kamodzi," anapempha tsiku lina.

"Iwe ndiwe wa kwa amako. Ine pano ndine wobwera. Luso ili ndi la kwathu, adzatenga ndi Yotamu, mwana wa mlongo wanga."

"Nanga a Yotamuwo ali kuti?"

"Akubwera."

Yotamu anali ku migodi ku Joni. Mvula inagwa, mvula inatha: akubwera. Chimanga chinacha, chinakololedwa: akubwera.

M'mawa wina a Kadzakumanja anapeza dzina lawo litalembedwa ndi khala pa khoma la khitchini. Zilembozo zinali zopendekeka bwinobwino, timapazi tokha ndito tinali tisanakhale bwino. Mtima unawauza kuti walemba ndi Velina, ndipo mwanayu wangotsala pang'ono. Mukuganiza anamuitana? Anafufuta ndi chikhatho. Kuyambira tsiku limenelo ankalemba atatchinga ndi mphasa.

Zaka zinapita. Kunamveka kuti Yotamu anakwatira komweko, sabweranso. Manja a akuluwo nawo anayamba kunjenjemera. Mwini chigayo anabwera kudzanena kuti chikwangwani chafufutika, ndipo iwo anakwera makwerero monga kale. Chilembo choyamba chomwe, penti anayenderera mpaka pansi.

Apo ndipo anaitana Velina, yemwe tsopano anali mayi wa ana ake, wina ali kumbuyo.

"Gwira burashi. Ukafika kunsi umapinda chonchi. Ayi, chonchi."

Velina anayang'anitsitsa. "Ababa, dzanja lanu likungogwedezeka. Sindikuona chimene likuchita."

Anayesanso, anayesanso. Pakamwa pankadziwa, dzanja linkakana. Kodi kupinda kwa dzanja mungakufotokoze ndi mawu?

Velina analemba chikwangwanicho mmene akanathera: zilembo zoongoka, zoonda, zopanda mapazi. Atatsika anafunsa, "Zili bwanji, ababa?"

"Zikuwerengeka," anatero. Kenaka motsitsa mawu anati, "Za pa khitchini zija zinali bwino kuposa izi. Ndinaziona."

"Ndinkadziwa kuti munaziona," anayankha Velina, uku akutsuka burashi.

Velina ameneyo ndiye anabereka agogo anu. Timapazi tija tinapita kumanda ndi mwini wake, ndipo palibe wa ife amene anatiphunzira. N'chifukwa chake m'banja mwathu muno, mwana akaima pambali pako ukugwira ntchito, sitifunsa kuti ndi wa kwa yani. Timamugwiritsa chidacho pomwepo, dzanja lathu likadali lolimba.