Podontha ndi Pobooka

Panali munthu wina, telala wa pamsika, amene anali ndi galimoto yakalekale ya nyali zozungulira, yomwe anamusiyira malume ake. Anthu ankati ndi chiphakasa, koma iye ankaipukuta ngati mbale ya alendo. Mwana wake wamkazi atapeza banja anapempha chinthu chimodzi chokha: "Ababa, kutchalitchi ndidzapite pa galimoto ya agogo." Bamboyo analonjeza.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, galimoto ija inayamba kununkha petulo. Atatsegula boneti anaona dontho likulendewera kumunsi kwa paipi ya labala, pamene paipiyo imalumikizana ndi injini. Pansi pake penipeni panali ekizozi, chitsulo chotentha ngati mbaula. Telala anagwidwa nthumanzi. Mwana wake, velo kumutu, m'galimoto yoti ikhoza kuyaka!

Anatenga sikuludiraiva namanga kilampu, kachitsulo kogwira paipi pamalo odonthawo. Dontho linabweranso. Anamanganso. M'mawa mwake anagula kilampu yatsopano, koma ayi ndithu, dontho lomwe lija. Pofika Lachisanu munthu anali thukuta kamukamu, akumanga ndi mkwiyo mpaka chitsulo kuyamba kudya labala.

Tsidya lina la msewu kunali mayi wokazinga zitumbuwa, Nabengo, amene malemu amuna ake anali makaniko. Ataonerera mokwanira, anawoloka.

"Achimwene, mukuipheranji paipiyo? Yalakwa chiyani?"

"Mayi, pitani mukatembenuze zitumbuwa zanu, zingapserere."

Mwano wake umenewo! Koma mayiyo sanapse mtima. Anangoti, "Malemu amuna anga ndinawagwirira sipanala zaka makumi awiri. Tasunthani." Anapukuta paipi yonse ndi nsanza mpaka kuuma gwaa. Kenaka anatapa ufa wa zitumbuwa nawaza paipiyo, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

"Lizani injini pang'ono, muzimitse msanga," anatero.

Telala anachita momwemo, onse awiri nasuzumira. Ufa wa pakilampu unali mbee, wouma. Koma kumtunda, kuseri kwa sefa ya mafuta, komwe maso ake sanafikeko masiku onsewo, ufa unali utanyowa. Panali kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi. Petulo ankatulukira pamenepo, n'kutsetsereka ndi paipi, n'kukadonthera kumunsi, pa kilampu yosalakwa.

Telala anakhala pansi. Anazindikira kuti akadamanganso kawiri akadadula paipi pabwinobwino, mabowo n'kukhala awiri. Anavula chipewa.

"Mayi, ndinakuyankhulani chipongwe, inu n'kundipulumutsira mwana. Zikomo yanga ikuchepa."

"Kaguleni paipi ina, achimwene, sitolo zisanatseke," anayankha Nabengo, akukutumula ufa m'manja.

Loweruka mkwatibwi anafika kutchalitchi bwinobwino, nthungululu lululu. Ndipo telala, ndikukuuzani, pa anthu onse a paukwatiwo anayamba wagwira chanza mayi uja, misozi ili m'maso.

Tsono inu mukundimvera pano, kwanu kukudontha pati? Mwana wayamba mwano, mnzanu wa m'nyumba wangoti duu, inu mwathamangira kumanga: kukalipa, kuopseza, malamulo pamwamba pa malamulo. Abale, mudzadula pabwinobwino. Podontha si pobooka. Yambani mwapukuta mkwiyo, mufunse modekha, muone pamene payambira kunyowa. Ndipo amene wakulozerani pamenepo, kaya ndi munthu wotani, muthokozeni ndi manja awiri, pakuti akadangokhala chete nyumba yanu ikadapsa.