Chikhomo cha Mbuzi ya a Kamtengeni

Pa mpingo wina wa m'mapiri a ku Ntcheu panali a Yoswa Kamtengeni, dikoni, amene ntchito yawo inali utelala. Panali mayi Nachanza, akazi awo. Panalinso a Eliya Chigwenembe, mkulu wa mpingo, munthu wosaseka pa zinthu za Mulungu. Nkhani yathu ndi ya anthu atatuwa, ndi mbuzi imodzi.

A Kamtengeni anali munthu wa dongosolo. Msoko ukakhota pang'ono sankauwongola ayi, ankaumasula wonse n'kuyambiranso. Zaka zawo anathera pa mpando, mapazi ali pa makina osokera, kapu ya tiyi wotsekemera ili pambali. Chaka chikupita kumapeto, akusoka madiresi a Khirisimasi, anachita chizungulire n'kugwera pa makina. Kuchipatala anawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo akapanda kusintha, tsiku lina adzagwa osadzukanso. Anawapatsa mankhwala, nawalangiza kuti aziyenda, ndi kuti achepetse mchere ndi shuga.

Anawauza kuti achepetse. Koma kwa a Kamtengeni mawu akuti kuchepetsa anali ngati msoko wokhota.

Pa mapemphero a tsiku loyamba la chaka anaimirira pamaso pa mpingo. Analonjeza kwa Mulungu kuti m'mawa uliwonse azikwera phiri la kuseri kwa tchalitchi mpaka pamwamba, kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa, ndi kuti mchere ndi shuga sizidzakhudzanso lilime lawo chaka chonse. Mpingo unawomba m'manja. Manja a mayi Nachanza anali pamiyendo.

Ali m'njira yobwerera, mayiwo anati, "Bambo a Lute, mwalonjeza ndi pakamwa, koma okwera phirilo ndi mawondo. Munawafunsa?"

"Lonjezo silifunsa mawondo," anayankha amuna awo.

Masiku oyamba zinayenda. Ankatsika m'phiri thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee. Kenaka kunabwera mvumbi wa Januwale, mvula yosadziwa kukata. Njira inasanduka thope. M'mawa wina anaterereka, bondo linatupa, ndipo phiri analiyang'ana ali pakhonde. Bondo lisanaphwe, kwa anansi kunagwa maliro. Anthu atabwerako kumanda, anamfedwa anawabweretsera chakudya, ndipo dikoni sakankha mbale m'nyumba ya maliro. Anadya. Ndiwozo zinali ndi mchere.

Atafika kwawo anakhala pansi nati, "Basi, lonjezo laduka."

Popeza linaduka, anamasula zonse, monga ankachitira ndi msoko. Bondo linaphwa koma sanayendenso. Shuga anabwerera m'kapu. Mankhwala ankamwa mwa apo ndi apo. Kutchalitchi analeka kupita, chifukwa ankaona ngati aliyense amene anawomba m'manja tsiku lija akuwayang'ana pakamwa. Anatumiza mawu kwa akulu a mpingo kuti awatsitse pa udikoni, popeza ananamiza Mulungu.

Mayi Nachanza anayamba kuona kuti amuna awo akamadzuka pa mpando ankayamba agwira chitseko. Sanawakalipire. Anamanga chitenje, napita kwa a Chigwenembe, nagwada.

"Akulu, amuna anga akudzilanga okha. Koma chilangocho amene adzachilire ndine."

A Chigwenembe anabwera masana ena mvula itakata. Anapeza a Kamtengeni kuseri kwa nyumba, akuzula chikhomo cha mbuzi. Mukudziwa nonse kuti nyengo ya dzinja mbuzi sitizilekerera. Chimanga chili m'minda, ndiye iliyonse imakhala pa chingwe, chingwecho chili pa chikhomo. A Kamtengeni anali ndi mbuzi imodzi yaikazi, ya bere, imene ankaikonda kwambiri.

Atapatsana moni, mkuluyo anafunsa, "A dikoni, chikhomochi anakhoma apa ndani?"

"Ndine, bambo. Dzulo."

"Nanga lero mukuchizuliranji? Mwaphwanya mawu anu a dzulo?"

A Kamtengeni anadabwa kuti munthu wamkulu chotere akufunsa za ana. "Apa msipu watha, ndiponso pachita thope. Ndikaisiya pomwepa idwala. Ndikukakhoma pamtunda apo."

"Chingwenso chatalika ichi. Bwanji osachifupikitsa, kuti mbuzi idziwe mwambo?"

"Ingadzikole khosi, bambo. Mbuzi ya bere imafuna potembenukira."

"Ndiye imasuleni, izipita kumene ifuna."

"Ikadye chimanga cha eni?"

A Chigwenembe anangoima, akuyang'ana a Kamtengeni, mpaka a Kamtengeni anayang'ana chikhomo chimene chinali m'manja mwawo. Mbuzi inkakoka chingwe pang'onopang'ono, ikufuna msipu watsopano. Telalayo anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, nanena kuti kamphepo kawalowa.

"Mlandu wanu tikamba Loweruka," anatero mkuluyo. "Mubwere wapansi. Muziyenda pang'onopang'ono."

Abale ndi alongo, chaka chino changoyamba, ndipo ambiri a inu mwakhoma zikhomo. Wina wati asiya chakuti, wina wati ayamba chakuti. Mwachita bwino. Ine sindidzakuuzani kuti mukhale opanda chingwe, chifukwa munthu wopanda chingwe amathera m'munda wa eni. Lonjezo kwa Mulungu si masewera, ndipo wolinena asalinene kuti amve kuwomba kwa manja. Koma mverani ichi. Chingwe chilipo kuti mbuzi ikhale ndi moyo. Mwini wanzeru amapatsa chingwe utali wokwanira, ndipo pamene pachita thope amasuntha chikhomo, mbuzi ili yomangidwabe. Thupi limene mwavalali si lanu, munalandira kuti mulisamalire, ndipo Mwini wake adzafunsa. Musalimange ndi chingwe chimene simungamangire chiweto chanu. Tsiku limene mwaterereka, musadule chingwe. Dzukani, sunthani chikhomo.

Loweruka lija akulu anakhala m'chipinda chawo, ndipo a Chigwenembe ananena chigamulo ataimirira. Anati mlandu wa bondo palibe, ndipo mlandu wa mchere wa pamaliro palibe. Mlandu umene ulipo ndi wolonjeza mopitirira mphamvu, ndi wotaya zonse chifukwa cha kugwa kumodzi. Pa udikoni satsika. Koma popeza analonjeza pamaso pa mpingo, akakonze pamaso pa mpingo womwewo. Aziyenda monga tsiku lalolera: kukacha bwino, njira ya kuphiri mpaka pamene mawondo anena kuti basi, kukakhala mvula, akapereke wapansi zovala zimene asoka, ambulera ili m'manja, thupi likakana, apume popanda manyazi, mawa lake ayambirenso. Mankhwala asadumphe. Za mchere ndi shuga, dzanja loyeza likhale la mayi Nachanza.

Akulu onse anavomereza. Mayi Nachanza, amene anaitanidwa kuti amve, anawomba m'manja mwakachetechete, kuwomba kumene anakusunga tsiku loyamba la chaka lija. Kwa munthu ngati a Kamtengeni chigamulo chofewa chinali chowawa kuposa cholimba. Komabe anaimirira, osagwira chitseko, nati, "Ndalandira, akuluakulu."