Wojambula Amene Ankanenepetsa Anthu

Panali munthu wina m'tauni, dzina lake a Kampira, amene anali ndi kashopu kojambulira zithunzi pafupi ndi depoti ya mabasi. Kamera yawo inali yakale, nsalu ya kumbuyo inali itasuluka, koma anthu ankapitirira mashopu owala bwino n'kudzaima pakhomo pawo. Chifukwa chake aliyense ankachidziwa, ngakhale panalibe wochinena mokweza. Kwa a Kampira munthu ankanenepa.

Akajambula munthu, ankaika chithunzicho pakompyuta, n'kugwira pakona, n'kukokera pang'ono cham'mbali. Masaya ankadzaza, khosi linkafupika, chifuwa chinkatambasuka. Ambiri mwa makasitomala awo anali anthu a maganyu, otumiza zithunzi kumudzi kuti abale aone kuti m'tauni zikuyenda. A Kampira sankadziona ngati wabodza ayi. Wina akawaseka, ankayankha kuti pulogalamu ya pakompyutayo ndi imene imatero, dzanja likangoterereka pang'ono chithunzi chafutukuka kale, nanga iwo alakwanji.

Tsiku lina atayatsa kompyuta, anapeza kuti eni ake a pulogalamuyo aisintha, osafunsa n'komwe anthu oigwiritsa ntchito. Anagwira pakona monga mwa masiku onse, n'kukoka. Chithunzi chinakula, koma chinakula chonse pamodzi, m'litali ndi m'lifupi momwe. Munthu woonda anangosanduka woonda wamkulu.

A Kampira anapsa mtima kwabasi. Anazimitsa kompyuta, anayatsanso, anaiwomba khofi, koma osatheka. Aliyense wolowa m'shopumo, ngakhale mayi wogulitsa mandasi, ankauzidwa za anthu akutali osowa chochita, amene amakonza chinthu chosawonongeka. Pamenepa ine sindiwadzudzula. Chida chimene dzanja lako lachizolowera zaka ndi zaka chikakusinthira mwadzidzidzi, zimawawa.

Anafufuza mpaka maso anafiira. Kenako anaona kaloko kakang'ono pamwamba pa chithunzi. Atakadina kanatseguka, ndipo pulogalamu inawafunsa ngati akufunadi kupotoza chithunzicho. Atavomera, chinafutukuka ngati kale. Njira inalipo ndithu, kungoti tsopano munthu ankayenera kuyamba wavomera yekha kuti inde, ndikufuna kupotoza.

Masana a tsiku lomwelo kunabwera bambo wina dzina lake Laisoni, kasitomala wawo wakale. Ntchito yake ya ulonda inali itatha kalekale, ndipo ankanyamula matumba mumsika. Chaka chilichonse ankabwereka jekete n'kudzajambulitsa, kuti atumizire mayi ake, a Nankhoma, amene ankakhala okha kumudzi ku Ntchisi. Sankafuna kuti mayiwo adziwe kuti mwana wawo akuvutika. Koma chaka chimenechi Laisoni anali ataonda ndi mutu womwe. Jekete linkalendewera pamapewa, ndipo ankatsokomola chifuwa chimene anali nacho kwa miyezi, osapita nacho kuchipatala poopa kuti tsiku losagwira ganyu ndi tsiku logona ndi njala.

Anapempha kuti amufulumizire, chifukwa mnzake wopita kwawoko, woti akapereke chithunzicho, anali atakwera kale basi. Anawonjeza chamanyazi kuti amukokere kuposa chaka chatha.

A Kampira anamujambula, n'kuika chithunzi pakompyuta. Anadina kaloko kaja. Funso linatuluka. Kale dzanja lawo linkamaliza ntchito maso asanaone bwinobwino nkhope ya munthu, koma tsopano funsolo linawaimitsa, ndipo anayang'ana. Anaona maso olowa m'kati ndi mafupa a m'khosi. Kumbuyo kwawo, pabenchi, mwini nkhopeyo ankatsokomola. A Kampira anachita mantha. Anaona kuti akavomera, mayi uja adzagona mtima uli m'malo chaka china chathunthu, pamene mwana wake akutha.

Anatsekanso kalokoko, n'kusindikiza chithunzi monga momwe chinalili. Bwenzi atanamizira pulogalamu, poti tsiku lonse anali akuinena, koma sanatero.

"Achimwene, njira yokunenepetsani ndaipeza, ilipo," anatero. "Koma lero sindikufuna. Tumizani chimenechi, kapena musatumize chilichonse."

Laisoni anakwiya. Anawauza kuti akufuna kumuchititsa manyazi kwawo, ndiponso kuti sadzapondanso pakhomo pawo. Koma kunja basi inali kuliza hutala. Anachiyang'anitsitsa chithunzicho, chifukwa naye anali asanadzione bwino kwa nthawi yaitali. Kenako anachiika mu envulopu n'kutuluka osatsanzika.

Nkhani inafala mumsika kuti kwa a Kampira kunenepa kunatha. Makasitomala ena anasiya kubwera, ndipo a Kampira ankangokhala pakhomo kuingitsa ntchentche, akudzifunsa ngati sanadziphere okha bizinesi.

Sabata lisanathe, m'shopumo munalowa mayi wachikulire, fumbi la ulendo lili kumapazi, chithunzi chija chili m'manja. Laisoni anali pambuyo pawo, atanyamula kachikwama ka zovala zake, mutu uli pansi. Mayiwo anafunsa kuti wajambula ichi ndani. A Kampira anavomera kuti ndi iwo, akuganiza kuti mayiwo abwera kudzawalalatira.

A Nankhoma anakhala pabenchi, n'kupuma kaye. Anafotokoza kuti atangochiona chithunzicho anasiya khasu m'munda n'kukwera basi, ndipo asanabwere kushopuko anali atamutengera kale mwana wawo kuchipatala. Adokotala ati matendawo ndi ochizika, mankhwala apatsidwa, tsopano akupita naye kumudzi kukamudyetsa.

"Zaka zonsezi, bambo, mumanditumizira mwana wa eni ake," anatero mayiwo. "Chithunzicho ndimachiyang'ana, ndimasangalala, koma mtima osakhazikika. Uyu ndiye wanga. Zikomo."

Anadzuka, n'kumugwira Laisoni padzanja ngati kamwana, bambo wandevu zake, n'kupita kukakwera basi. A Kampira anatsala akuseka okha ndi chimwemwe. Pulogalamu ija anapitirizabe kuidandaula pa zinthu zina, poti anali munthu wokonda kudandaula, koma makasitomala ochepa amene anatsala anawakwanira.

Tsono inu amene mukundimvera, chinthu chimene munachizolowera chikasintha, dandaulani ndithu, ndi ufulu wanu. Koma mukatha kudandaula, yang'anani chimene chizolowezicho chinkakuchitirani inu osafunsidwa. Ambiri a ife tili ndi zimene timati zimangochitika zokha, pamene dzanja lochita ndi lathu lomwe. Ndipo inu amene mumauza akwanu kuti zonse zili bwino pamene mukutha, dziwani kuti amene amakukondani sangabwere kudzakutengani ngati sakuonani mmene mulili.