Kulumpha Komwe Anakusiya pa Ayezi

Panalitu munthu wina kudziko lakutali, lozizira moti madzi amauma gwa ngati mwala, anthu n'kumayenda pamwamba pake. Kumeneko kuli mpikisano wovina pa ayezi. Munthu amavala nsapato zokhala ndi kachitsulo konga mpeni kunsi kwake. Akamuyikira nyimbo amatsetsereka, kuzungulira ngati nguli, kulumpha m'malere n'kutera ndi mwendo umodzi. Oweruza amakhala pambali, maso ali pa iye.

Munthuyu anayamba ali mwana, ndipo pa kulumpha panalibe womuposa. Koma chikho cha dziko lake anali asanachigwirepo. Vuto lake linali limodzi basi. Akalumpha n'kugwa, mtima sunkamulola kupitirira. Ankadzuka, kuzungulira bwalo, kubwerera pomwe wagwera paja kuti alumphenso, anthu aone kuti amatha. Kachiwiriko ankathadi. Koma nyimbo imakhala itapita. Zotsala zonse ankazichita mothamanga, ali wefuwefu, ndipo nyimbo ikatha iye amakhala akuzungulirabe yekha pakati pa bwalo, kuli zii.

Anzake anamupatsa dzina loti Abwereza. Akalowa m'chipinda chosinthira zovala ankamufunsa ngati lero wabweretsa nyimbo ziwiri, ina yogwera, ina yovinira. Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba chakudya sichinkalowa.

Mphunzitsi wake anali mayi wachikulire woyenda ndi ndodo, poti nawonso ankavina pa ayezi mpaka anawadya mawondo. Mayiwa analankhula mpaka kutopa. Ankamuuza kuti kugwa oweruza amaona kamodzi, koma kuchedwa amaona mpaka kumapeto. Iye ankavomera, mawa lake n'kubwerezanso.

Zaka zinapita. Bondo lamanja linayamba kutupa, ndipo dokotala anati chaka chimenecho chikhale chomaliza. Mpikisano unatsala umodzi.

Tsikulo, asanalowe m'bwalo, mayi aja anamugwira mkono.

"Mwanawe, lero ukagwa usayang'ane pansi. Umvetsere pomwe nyimbo yafika, upite pomwepo."

"Nanga ndikagwa poyambirira penipeni, mayi?"

"Pogwerapo pali eni ake osalaza ayezi. Iwe ntchito imeneyo sanakulembe."

Nyimbo inayamba. Kulumpha koyamba kunali kuja ankakunyadira, kovuta kuposa konse. Ananyamuka bwinobwino, koma potera bondo lija linakana. Anagwa chammbali n'kutsetsereka mpaka kukagunda mpanda wa bwalolo. Kumipando yakumbuyo wina anaseka, amvekere Abwereza ayambapo.

Anadzuka. Miyendo inayamba yokha kukhotera komwe anagwera, poti inazolowera. Anapaona pamalopo, mzere woyera womwe thupi lake linasiya pa ayezi. Ankadziwa kuti akabwerera atha. Ankadziwanso kuti akapitirira, kulumpha kumeneko sadzakuchitanso pamaso pa anthu moyo wake wonse, ndipo komaliza kadzakhala kakugwa komweka.

Ndiye anamva nyimbo. Inali itafika pamene ng'oma zimalowa, pamene iye amayenera kukhala ali mbali ina ya bwalo, manja atatambasula. Anatembenuka. Pogwera paja anapasiya, n'kuthamangira komwe kunali nyimbo.

Kuchokera apo, phazi lake ndi ng'oma zinali chinthu chimodzi. Kulumpha konse kotsala anatera bwino, chifukwa aka kanali koyamba kuti atagwa afikeko mpweya ali nawo. Anthu anayamba kuwomba m'manja motsatira nyimbo, ndi woseka uja yemwe. Pomaliza anazungulira mpaka nkhope yake osaonekanso, ndipo nyimbo itangoti du, iyenso anaima nji. Pamodzi.

Oweruza anamuchotsera za kugwa kuja, koma zotsalazo zinakwana. Chikho anatenga. Mayi aja anafika pampanda kudzamukumbatira, ndodo atayiwala pampando.

Pano munthuyo anapuma, nsapato zija anazipachika. Ana akamufunsa kuti pa kulumpha kwake konse kopambana kunali kuti, amati ndi kuja anakusiya pansi osabwerera kukakutola. Anawo amadabwa, poti pa kanema amangoona munthu akugwa.

Anzanga, ambirife tili ndi pena pomwe tinagwa anthu akuona. Mwina ndi mayeso, mwina ndi yankho lomwe tinapereka m'kalasi anthu n'kuseka. Ndiye timangozungulira pomwepo, tikufuna tiwaonetse kuti timatha. Komatu nyimbo yanu sinaime. Tamvetserani pomwe yafika, mupite kumeneko.