Mlomo wa a Mabingu pa Ripita

M'shopu yawo yokonzera mafiriji, pakati pa mawaya ndi zitini za gasi, a Mabingu anali ndi wailesi yolankhulirana. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a m'kalabu ya mawailesi, chifukwa akatsegula pakamwa ena onse ankangoti zii. Kalabuyo inaimika makina pamwamba pa phiri, otchedwa ripita, amene amalandira mawu a munthu n'kuwaponya kutali. Amalankhula mmodzi, ndipo aliyense wotchera khutu amamva.

Tsiku lina masana kunamveka mawu achilendo a mayi. Anatchula nambala yake ya pa wailesi, nati ndi mphunzitsi wopuma ntchito, wangolandira kumene chiphaso cholankhulira pa wailesi, ndipo akufuna kudziwa ngati akumveka bwino. A Mabingu anadina batani mayiyo asanamalize.

"Mayi, kuno si kumpopi kotungira madzi. Wailesi ya mwamuna wanu isiyeni, mungaiphulitse."

"Wailesiyi ndi yanga, bambo, ndipo mlongoti ndaimika ndekha," anayankha mayiyo. "Mukatha kulankhula mundiuze, ndipitirize."

Kuyambira pamenepo a Mabingu anasanduka minga m'njira yake. Mayiyo akayamba kulankhula, iwo ankamudula kapena kuimba mluzu. Wapampando wa kalabu anafika kushopu kudzawatsina khutu.

"Achimwene, ripita ndi ya tonse. Zimene mukunenazi zikumveka m'nyumba zambiri."

"Mlongoti wa paphiripo ndinausenza ndine," anatero a Mabingu, osadzutsa mutu pafiriji. "Wondiphunzitsa kulankhula sanabadwe."

Mayiyo naye sanabwerere m'mbuyo. Masana alionse ankatchula nambala yake, kudikira kuti mluzu uthe, n'kupitiriza.

Patatha miyezi isanu, mwana wamwamuna wa a Mabingu anapempha makolo ake kuti akaone mayi a mtsikana amene ankafuna kumukwatira. A Mabingu anavala jekete, napukuta nsapato. Analandiridwa bwino, nakhala pabalaza.

"Ife takondwa kukudziwani, mayi," anayamba motero.

Mayi a mtsikanayo anaika pansi thireyi ya makapu pang'onopang'ono.

"Tanenaninso, bambo. Kapena muimbe mluzu, ndi umene ndinauzolowera."

Apo ndi pamene a Mabingu anaona wailesi pashelefu, ndi waya wotulukira pawindo. Akazi awo anagwira pakamwa, mwana wawo anayang'ana pansi.

"Ana awa sindiwalekanitsa, sanalakwe," anapitiriza mayiyo. "Koma inu munandinyoza anthu ambiri akumva. Mukapepese komweko, pa ripita. Mukapanda kutero, pakhomo pano musadzapondenso, ndipo paukwati sindidzakhala nanu tebulo limodzi."

A Mabingu anaimirira, namanga mabatani a jekete.

"Ine sindigwadira munthu pa wailesi."

"Nanenso sindikukakamizani. Chitseko ndi icho."

Kunyumba akazi awo anawachonderera. Mwana wawo anabwera kushopu kawiri. "Ababa, ndi mawu awiri okha," anatero. Iwo anangowonjezera phokoso la hamala. Ankati mayiyo afewa yekha tsiku likayandikira, koma sanafewe.

Loweruka la ukwati, akazi awo anavala n'kupita okha. A Mabingu anatsegula shopu ngati tsiku lina lililonse, nayatsa wailesi. Anzawo a m'kalabu, amene anapita onse kuukwatiko, ankauzana pa ripita njira ya kuholo, wina nati mwana wa a Mabingu wangolowa kumene ndipo amene aima pambali pake ndi amalume ake. A Mabingu anatenga cholankhulira, chala chili pabatani. Anakhala choncho mpaka dzanja linalema, kenako anachibwezera pamsomali.

Mwana wawo yekhayo anakwatira iwo akumvera pa wailesi ngati mlendo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza.