Dimba la Nankhoma

Kalekale, m'mudzi wina wa kuchigwa kumene anthu ankalima thonje, munali mayi wina dzina lake Nankhoma. Mayiyu anali ndi dimba m'mphepete mwa mtsinje. Poyamba malowo anali mchenga wokhawokha. Iye anathirapo ndowe, anakwirira masamba, anafotsera mapesi, mpaka dothi linada bii, lofewa ngati ufa.

Chaka china mbozi zinagwa m'thonje. Mwamuna wake, Chimdzeka, anabwera ndi mankhwala opopera. Akamaliza kupopera ankatsuka chigubu kumtsinje, zotsala n'kukhuthulira m'dimba muja.

"Bambo a Ndaziona, fungo ili likundidetsa nkhawa," anatero Nankhoma.

"Musavutike mtima, mayi. Mvula idzatsuka."

Mvula inagwa, inagwanso, inabweranso chaka chinacho. Fungo linatha, onse anaiwala. Koma nyongolotsi zinasowa m'dimbamo. Nkhuku zofukula mmenemo zinayamba kufa. Maungu okha ndiwo ankabereka, akuluakulu, osiririka, ndipo mwana wawo wamkazi, Ndaziona, ankawakonda kwambiri.

Ndaziona anayamba kuwonda. Anayamba kunjenjemera. Kenako analeka kudzuka pamphasa. Makolo ake anathamangira naye kuchipatala, koma anabwerako manja ali kumutu.

Maliro atatha, mlangizi wa zaulimi anadzaona dimbalo. Anafunsa, anamvetsera, anatapa dothi n'kulifumbata.

"Mayi, pamchenga mankhwala sakhalitsa, madzi amapita nawo. Koma dothi la manyowa limawakakamira, monga momwe mafuta amakakamirira kunsalu. Limagwira, limasunga, kenako limapatsira mbewu pang'onopang'ono."

Nankhoma anayang'ana dothi lake lakuda lija.

"Ndiye kuti manyowa amene ndinasenza pamutu panga ndiwo anasunga imfa ya mwana wanga?"

Chimdzeka ndiye anayankha.

"Si manyowa anu, mayi. Dothi linangolandira chimene linapatsidwa. Amene anapereka ndi manja angawa."

Awiriwo anazula maungu onse, anatchinga dimbalo ndi minga, anabzalamo mitengo yosabala zipatso. Nankhoma anakayamba dimba lina kumtunda, pamchenga, yekhayekha, wopanda mwana womuthandiza kutunga madzi.

Inu amene mwakhala pano, imvani. Nthaka yachonde siisankha chosunga. Ukaipatsa chakudya imasunga, ukaipatsa chiphe imasunganso, ndipo tsiku lina imabwezera m'mbale ya mwana wako.

Nthano yanga yafika pamathero, ndaitula pamaso panu.